Mchere Wotentha pa Kakolo Wanga

2 Tir (mwezi wa pa kalendala ya kwathu kuno), Lolemba

Wakana kusaina. Tsedale, kamtsikana ka dzulodzuloli kamene kalabu yatitengera ku Addis kuti kaziona za miyendo yathu. Popanda pepala lake sindithamanga mpikisano wa ku Asela pa 22. Kwatsala masiku makumi awiri.

Ndipo akochi athu, Obbo Bedada, ananena kale poyera: chaka chino aliyense wopitirira zaka 28 amene salowa m'gulu la asanu ndi mmodzi oyamba, opita ku mpikisano waukulu ku Addis, atsanzike. Ine 29. Pakamwa amatchula zaka, maso ali pa ine. Zaka khumi ndi chimodzi m'kalabu imeneyi. Ndikachoka ndilowere kuti? Kukapalira balere kwa apongozi?

Kakolo wakumanja. Ndinabinya masiku khumi ndi awiri apitawo, m'nkhalango ya bulugamu, pa muzu. Kutupa kunaphwa kale. Kaululu m'mawa basi. Ndadumpha kakhumi pamaso pake ndi mwendo womwewo. Iye manja m'thumba basi.

Ndiye timasewera take. Kundikhazika pabedi lopimira, miyendo lendelende. Kundimanga m'maso ndi mpango wake wakuda, wonunkha thukuta la kalabu yonse. Kugwira phazi, kulipindira mkati pang'ono, kuliimika pamenepo, ati kumbukirani apa. Kulibweza. Ati tsopano liikeni nokha pomwe ndinaliika paja. Kenako kuyeza ndi kapulasitiki kake kopinda ngati sizasi, kolembedwa manambala.

Lamanzere ndaphonya ndi madigiri awiri. Lamanja 7. Katatu konse, 7.

Akuti: "Achemwali, mnofu wapola, koma phazili lasiya kukuuzani pomwe lili. Pothamanga simuyang'ana pansi. Ndi phazi limene limakuuzani kuti lapendekeka, inu n'kuliwongola lisanaponde."

Phazi kulankhula! Zamkutu. Ine ndinkathamangira kusukulu wopanda nsapato, pamiyala, iye akukwezedwa galimoto ya bambo ake. Lero akandiphunzitse phazi langa lomwe.

Andiyezanso pa 17. Akufuna madigiri osapitirira atatu.

3 Tir, Lachiwiri

Adde Kumeshi, apongozi anga, alawirira ndi kathumba ka mchere wa miyala. Tolcha anakawauza dzulo. Mwamuna wangayu kanthu sasunga, kalikonse kwa amayi ake.

Koma lero sindikudandaula. Theka la othamanga a m'tawuni ino anathowedwa ndi manja amenewa. Kukazinga mchere pa chiwaya chophikira buledi wa injera mpaka uyambe kuthetheka. Kuuthira m'kansalu, kumanga. Batala pakakolo. Ndiye kumatsindira, kuchotsa, kutsindiranso. Kutentha kumalowa mpaka m'fupa. Ndinatsala pang'ono kugona tulo pampando.

Ndawauza za mpango wakuda. Aseka mpaka kutsokomola. Ati: "Poyamba anakuika mu ayezi ngati nyama ya kubutchala, lero akukumanga m'maso ngati kavalo. Mwana iwe, mawa adzakuika chishalo."

Atangomaliza, tatuluka ndi Tolcha. Mphindi makumi anayi pamsewu wa phula. Ululu ng'o. Kuuma kwa m'mawa kuja ng'o. Mwendo wopepuka ngati wa mtsikana. Tolcha kumbuyo akupuma ngati ng'ombe yolima.

Ndiye wina azindiuza kuti sindinachire. Mxii.

5 Tir, Lachinayi

Kutsutsa galu n'kukumba. Ndathowa bwinobwino, kumanga kakolo ndi bulangete kuti asazizire panjira, kukwera ngolo ya kavalo mpaka kuchipinda kwa Tsedale. Ndamuuza: Lolemba unandiyeza mwendo uli wozizira, wouma. Yeza tsopano uone mankhwala a kwathu.

Ndimayesa akana. Ayi, wakondwa. Maso kuwala ngati ndamubweretsera mphatso. Wakhudza khungu, walemba nthawi m'kabuku kake, watulutsa mpango.

Ulendo woyamba ndinamva kuti ndalasa penipeni. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinalumbira pali Mariya Woyera kuti ndi pomwepo, asavutike n'kuyeza komwe.

9. 8. 9.

Ndamuuza kuti kapulasitiki kako n'kabodza. Wandimasula, wagwira phazi pomwe ndinaliimika, wandionetsa pomwe iye analiika. Mpata wolowa zala ziwiri. Ndaona ndi maso angawa, ndipo mtima wangopsa kuposa poyamba.

Chimene chimandinyansa ndi mtsikana ameneyu n'chakuti sakalipa. Akanakalipa tikanamvana. Amangolankhula ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Akuti sakudana ndi mchere. Akuti kwa ena kutentha sikusintha kalikonse pa muyeso umenewu, ena mwina kumawathandiza, ngakhale aphunzitsi ake sankagwirizana. "Sindikunena za ena, achemwali. Ndikunena za phazi ili. Lolemba munkaphonya koma mukukayika. Lero mwaphonya mukulumbira. Chimene chikundiopsa n'chimenecho."

Akuti kaululu ndi kuuma kuja n'zimene zikundichititsa kuponda mosamala. Ndikathowa ndisanathamange, zimachoka, koma phazi likhalabe losadziwa pomwe lili. Ndiye ndizithowa madzulo, ndikamaliza zonse. M'mawa ayi.

Ndauza Adde Kumeshi. Ati: "Chakudya amadya munthu asanapite kumunda kapena atabwerako? Zonse ziwiri." Mawa abwera m'mawa monga mwa masiku onse.

9 Tir, Lolemba

Ntchito imene wandipatsa: kuima ndi mwendo umodzi. Pansi, kenako pa pilo, kenako pa kathabwa kokhala ndi mpira kunsi. Maso otseka. Ine Gadise, amene ndinakhalapo wachitatu m'chigawo chonse cha Arsi, ndikuima ngati nkhuku yamvula pakhonde la kalabu, anzanga akukwera phiri.

Atsikana pobwerako anandipeza ndili dzandidzandi pakathabwa. Hawi, kamwana ka zaka 19, kamene ndinakapatsa nsapato zake zoyamba ndine, akuti: "Achemwali, gule ameneyu akuvinidwa liti, tidzaonere?" Onse gwedegwede kuseka. Ndinasekanso nawo.

Tolcha akuti pali chiwembu. Akuti Tsedale ndi Hawi amamwera khofi limodzi, ndipo ine ndikapanda kuthamanga malo achisanu ndi chimodzi ndi a Hawi. Tsiku lonse ndayenda nayo nkhani imeneyi, ikundikomera ngati uchi.

Koma kabuku aka sikawerengedwa ndi munthu, ndiye ndilembe. Masana ano ndinatseka chitseko. Wotchi ya Tolcha m'manja. Mwendo wamanzere, maso otseka: masekondi 41. Wamanja: 5. Kuyesanso: 4. Kachitatu ndagwera pa mtsuko wa khofi, khosi lake thyoo.

M'nyumba munalibe Tsedale. Munalibe Hawi. Ndauza Tolcha kuti waswa ndi mphaka.

11 Tir, Lachitatu. Timkat, chikondwerero cha ubatizo wa Ambuye.

Tawuni yonse mbuu, zoyera zokhazokha. Ansembe ndi maambulera awo, ng'oma, fumbi. Ndinapita ndi nsapato zothamangira pansi pa diresi, Adde Kumeshi akung'ung'udza njira yonse kuti ndikuwachititsa manyazi.

Ndapempha chinthu chimodzi chokha. Madzi odalitsidwa atatiwaza ndinawerama n'kupaka pakakolo.

Anandipeza Obbo Bedada m'chigulu. M'malo mwa moni wa chikondwerero, ati: "Pepala lija, Gadise. Popanda pepala ndilibe manja." N'kupita. Zaka khumi ndi chimodzi, mamendulo anga ali lende kukhoma kwa ofesi yawo, lero alibe manja.

Pobwerera fumbi linachuluka. Ndinakokera netela yanga kumaso, nsalu yoyera yopyapyala ija ya kutchalitchi, imene anandilukira malemu mayi. Ndayenda nayo choncho mpaka kunyumba. Kunja munthu sakuona nkhope yako. Iwe mkati ukuona zonse: maambulera, mahatchi, ngakhale miyala ya mumsewu.

Ndaipinda pawiri n'kuyesa kudzimanga nayo m'maso. Ndikuonabe zala zakuphazi. Panayi, mdima.

Sindinaganize kanthu. Ndangolemba zimene ndaona.

17 Tir, Lachiwiri

Madigiri awiri. Awiri. Atatu.

Wasaina.

Ndinalowa nditafunda netela ngati ndikuchokera ku mapemphero. Atatulutsa mpango wake ndinachita tsinya. Ndati chinthu chimenecho chandipatsa zidzolo m'zikope, sichinaone sopo chibwerere kuno, ndimanga yangayi. Wachita manyazi, wanunkhiza mpango wake, wapepesa. Kupepesa! Ndapinda pawiri, ndamanga ndekha, mutu n'kuweramitsa pang'ono ngati munthu amene akumvetsera thupi lake.

Ndinkaona chala chachikulu chikulozera mng'alu wa simenti. Pobweza, kungochilozetsanso pa mng'alu womwewo. Ulendo wachitatu ndinaphonyera dala pang'ono kuti zisachite kuonekera.

Wandikumbatira. Kundipsompsona masaya katatu. Akuti: "Ndinadziwa kuti mulimbikira, achemwali. Atsikana aja akanakhala ndi khama lanu!" Akuti alembera aphunzitsi ake za ine, kuchoka pa 7 kufika pa 2 m'masabata awiri.

Ndatuluka ndi pepala m'manja, mtima uli chithupsa. Ndimayesa ndikondwa. Ayi, ndapsa mtima. Munthu wophunzira mpaka ku yunivesite osadziwa kuti netela imaonetsa? Mkazi aliyense amene anakhalapo pamaliro amadziwa kuti timaonera mkati mwake amene wabwera ndi amene sanabwere. Iye wa mpingo wina, wakulira m'mabuluku. Ndiye cholakwa n'changa?

Pakhomo wandikuwira: pa 22 m'mawa ndisathowe. Nditenthetse thupi ndi kuthamanga pang'onopang'ono ngati anzanga, ndipo andimanga bandeji yekha.

Obbo Bedada alandira pepala osaliwerenga n'komwe. Manja awo apezeka.

21 Tir, Loweruka. Asela.

Tafika masana. Tayendera bwalo. Makilomita khumi, kuzungulira kasanu. Udzu wouma, mitsitso iwiri, ngalande imodzi. Kumunsi mahatchi anapondaponda nthawi ya matope, mapazi awo anauma momwemo, timaenje tokhatokha. Ndaloweza malo ake.

Kuno kukuzizira kuposa kwathu, kaya n'chifukwa cha mantha. Kakolo wauma gwa chitsikire minibasi. Potsika masitepe a nyumba ya alendo ndinagwira khoma. Hawi anaona.

Adde Kumeshi abwera nafe, ati sangasiye ntchito yawo pakati. M'chikwama mwawo mchere, batala, kachiwaya. Agwirizana kale ndi mayi wophika kuseri kuti awabwereke mbaula m'mawa.

Tolcha akuti zili kwa ine. Nthawi zonse zikafika povuta, zili kwa ine.

Ndi mwendo wouma chonchi sindingathe kupirira liwiro la atsikana aja pozungulira koyamba. Akandisiya pamenepo, basi kwatha. Ndi mchere ndimauluka. Ndani sakudziwa?

27 Tir, Lachisanu

Chikhakha kuchokera ku zala mpaka pansi pa bondo. Fupa lakunja la kakolo lathyoka, minyewa yang'ambika. Masabata asanu ndi atatu, mwina kuposa. Adokotala ati za kuthamanga tidzakambe pambuyo. Anayang'ana kukhoma ponena zimenezo.

Ndilembe mmene zinakhalira, kamodzi kokha.

Ndinathowa. Palibe anandikakamiza. Ndinadzuka ndekha, kukagogoda kwa apongozi ndekha. Tsedale pondimanga bandeji pabwalo anaima, dzanja lili pakhungu langa, n'kundiyang'ana. Batala amanunkha. Anangoti: "Kumunsi kuja muziyang'ana pansi, achemwali. Chonde."

Kuzungulira katatu ndili wachinayi. Wachinayi! Ululu ng'o, mantha ng'o. Ndinkamva Tolcha akukuwa dzina langa, mawu atasasa. Ndinayamba kale kuganiza za Addis.

Kachinayi, kumunsi kuja. Kaenje ndinakaona. Ndikulumbira, ndinakaona, ndipo ndinaponda pambali pake, phazi lili chilili. M'mutu mwanga linali chilili. Tolcha akuti anaona lili chopendekera lisanafike n'komwe pansi, ngati la munthu wina.

Tswa! Ndinamva ndi makutu, ululu usanafike. Kenako udzu m'kamwa, miyendo ya atsikana ikundilumpha. Hawi anacheuka kamodzi. Anamaliza wachisanu ndi chimodzi.

Sindinalire pabwalo. Ndinalira mu galimoto, Adde Kumeshi atayamba kufunsa dalaivala ngati kuchipatala kuli mbaula.

Sindikufuna kuona munthu. Mchere ndauza Tolcha autaye kuchimbudzi. Wakaubisa pamwamba pa kabati, akuyesa sindinaone.

29 Tir, Lamulungu

Anthu tsiku lonse. Malalanje, buledi, mafunso. Ndipo onse nyimbo imodzi: Tsedale.

Adde Kumeshi ndiwo akutsogolera. Ati mwendo anaufoola ndi ayezi ndi kuimitsa munthu pa kathabwa ngati wa zisudzo. Tolcha akuti chiwembu chija chatheka, Hawi ali pa mndandanda. Amayi a kutchalitchi ati ana a mu mzinda sadziwa thupi la munthu, amadziwa mapepala. Ine pabedi, mwendo pa pilo, ndikungomvetsera. Kunena zoona, zimandikomera. Munthu ukagwa umafuna woti umuloze chala.

Madzulo wabwera Tsedale mwini wake. Adde Kumeshi sanamupatse ngakhale khofi, kakapu kanamudumpha ngati palibe munthu. Wakhala pansi pafupi ndi bedi, kabuku kake m'manja, maso ofiira.

Ndimayembekeza kuti anena za mchere. Ndinakonzeka kale kumulalatira. Apongozi anayamba okha, ati: "Ndinamuthowa ndine, ukufuna kunena chiyani?"

Iye akuti ayi mayi. Akuti mchere anaumva pabwalo pomwe, koma sanandiletse chifukwa phazi la madigiri awiri silikanagwa ndi mchere wokha. "Ndiye kuti ndinayeza molakwika pa 17. Ndabwereza manambalawa kambirimbiri, sindikupeza pomwe ndinalakwitsa. Koma ndinasaina ndine. Mundikhululukire, achemwali."

Kundipepesa ine. Pamaso pa anthu.

Ndinafuna kumuponyera lalanje kumaso. Chitsiru cha mtsikana! Bwanji osandikayikira? Bwanji osafunsa za nsalu ija? Netela ili pomwepo, lende pa msomali, pamwamba pa mutu wake.

Ndinangoti ndatopa, ndikufuna kugona.

1 Yekatit (mwezi watsopano), Lachiwiri

Obbo Bedada abwera ndi nkhani yabwino, ati. Akuluakulu a kalabu akumana mawa. Poti ndinavulala chifukwa cha kulakwitsa kwa wogwira ntchito wawo, lamulo la zaka 28 lija silindikhudza. Andisunga chaka china chathunthu, malipiro, chakudya, chipatala, mpaka ndidzayesenso. Tsedale abwerera kwawo. Kalata yake ailemba kale. Ine ndikangonena mawu awiri, kuti ndinayezedwa n'kuuzidwa kuti ndachira.

Ati: "Tsoka lako lakupulumutsa, mwana wanga." Lero ndine mwana wawo.

Chaka chathunthu. Chimene ndinkafuna chija, chabwera chokha mpaka pabedi.

Atangochoka, ndamva chiwaya kuseri. Mchere kuthetheka. Ndadzikoka ndi ndodo mpaka pazenera. Hawi ali pampando wanga uja, phazi pa miyendo ya Adde Kumeshi, zovala zothamangira zili m'thupi. Anadzipotokola pang'ono Loweruka. Atsikana onse akana mpango wa Tsedale, ati muyeso wake ndi umene unathyola Gadise. Akathowa, ulendo wa kunkhalango, kumizu kuja.

Ndamukuwira pazenera kuti apite kaye akayezedwe. Akuti: "Kuti andichiritse ngati inu, achemwali?" Sanali kunyoza. Amanena zoona zake.

Tolcha atabwera ndamuuza zonse. Netela, mng'alu wa simenti, mtsuko wa khofi umene sunaswedwe ndi mphaka. Kenako ati: "Wauza ndani wina?" Palibe. Ati: "Ndiye tseka pakamwa, Gadi. Mtsikana uja ali ndi digiri, ntchito akaipeza kwina. Iwe uli ndi chiyani?"

Ndamutukwana. Ndatukwana amayi ake, mchere wawo, Obbo Bedada, mahatchi a ku Asela. Wangondisiya mpaka ndatha mpweya. Ndili ndi chiyani? Mwendo umodzi ndi mamendulo a pakhoma la eni.

2 Yekatit, Lachitatu, m'mawa

Sindinadye. Tsiku losala, ndiponso chakudya sichikanalowa.

Ndayesa kubwereza mawu awiri aja. Ndinayezedwa, ndinauzidwa kuti ndachira. Si bodza n'komwe. Liwu lililonse ndi loona. Ndawanena katatu kukhoma, kachitatu akutuluka bwinobwino.

Hawi wabweranso. Chiwaya chili pamoto.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndauza Tolcha andipatsire netela pa msomali. Akuti kunja kukutentha, sindikuifuna. Ndamuuza andipatse, apo ayi ndiitsitsa ndi ndodo.

Ngolo yopita ku msonkhano wa akuluakulu a kalabu yafika.

4 Yekatit, Lachisanu

Ndachotsedwa. Kalata inali yolembalemba, angosintha dzina.

Sindinalankhule zambiri, sindidziwa kulankhula pamaso pa anthu a matayi. Ndinapempha Obbo Bedada akhale pampando. Ndinapinda netela pawiri, kuwamanga m'maso, n'kuimika zala. Ndati zingati? Anayamba kuseka. Kenako ati zitatu, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Zotsalazo ndinazinena nditayang'ana pansi.

Wina wa matayi ati ndachititsa manyazi kalabu. Zaka khumi ndi chimodzi, mawu otsanzikira ndi amenewo. Ndapempha mamendulo anga, ati akambirana.

Tsedale anali pakona. Sanandiyang'ane. Potuluka ndinadutsa pafupi naye ndi ndodo zanga, gogodo gogodo, pang'onopang'ono kuti mwina anene kanthu. Ngakhale kunditukwana. Anatembenukira kuzenera. Nkhope imeneyo sindinaionepo, ndipo ndikanakonda mbama.

Adde Kumeshi sakundilankhula. Dzulo anatumiza mwana wa mlongo wawo kudzatenga chiwaya. Tolcha akulankhula, koma za nkhuku ndi za mvula. Wayamba kufunsa za ntchito yolondera kusukulu.

Hawi akuti anayezedwa dzulo, ndi mpango wakuda. 6. Amuletsa kunkhalango sabata ziwiri. Akuti akunditukwana tawuni yonse kuti ndamuwonongera Addis. Atukwane, miyendo yonse iwiri ali nayo.

Sindikumva kupepuka kulikonse. Amene amati choonadi chimapepuza sanachotsedwepo ntchito. Ndikumva mkwiyo basi, ndi kuyabwa mkati mwa chikhakha kumene sindingafike.

Masana ano woyendetsa ngolo wasiya kathumba kapulasitiki pakhomo. Mkati mpango wakuda uja. Ndi kapepala kong'ambidwa m'kabuku, kopanda moni, kopanda dzina:

"Chikhakha chikachoka, Lachiwiri lililonse kalabu ikatseka. Tiyambira pa kuima ndi mwendo umodzi. Mubwere ndi uwu. Yanu ija musiye kunyumba."

Ndaununkhiza. Sanauchapebe. Mtsikana ameneyu, abale!

Ndauchapa ndekha, nditakhala pansi, mwendo uli pa mpando. Uli pa chingwe. Ukauma ndiyamba ndi lamanzere, poti ndilo ndatsala nalo.